Kamtengo ka m'thanki

Singano ya mafuta inafa chaka chija cha ng'amba,
inagona pofiira osadzukanso.
Ndiye ndinathyola kanthambi ka bulugama pa Wimbe,
n'kukatema mizera isanu ndi mpeni wa Yobe,
mzera umodzi malita makumi awiri.
Geji yanga ndi imeneyo. Kamtengo sikadziwa bodza.

M'mamawa ndimakaviika m'thanki
monga mayi amayesera madzi osambitsa khanda.
Lero kanyowa mizera iwiri ndi theka.
Kumbuyoku mabelo a fodya afika kumwamba,
Chinkhoma ali kutali,
ndipo mvula ya dzana sinaphwe pa dambo.

A Kathumba, eni lole, ali ndi kope la masamu.
M'kopemo msewu wa ku Chamama ngwowongoka ngati chingwe.
Mulibe mchenga, mulibe ngolo yotseka njira,
mulibe maola atatu aja tinabangula mu giya yoyamba
matayala akudzikumbira manda.
Iwo amati lita imodzi, makilomita anayi.
Ine ndimati bwana, lita sinapite kusukulu,
imangomva kulemera, imamva chitunda,
imamva ndi ukalamba wa injini.
Sayankha. Amandiyang'ana m'manja
ngati maso angathe kununkhiza chigubu.

Lole imadya ngakhale itaima.
Pepala la inshuwalansi likutha pagalasi tili m'tulo,
la msonkho likulitsatira pambuyo.
Tayala lakumanzere lasalala ngati dazi,
oyilo wada, tikungothiramo wina pamwamba,
sipuling'i tinaimanga ndi mphira pa Mtunthama
n'kuiuza kuti ipirire mpaka msika utseke.
Batire ngwobwereka.
Wapamsewu akakweza dzanja, nayenso ndi lita.

Pamtsetse ndimachotsa giya, ndiisiye iyende yokha.
Ndikudziwa, musandiuze, mabuleki si achibale anga.
Koma mukanamva bata lakelo:
matani onsewa akutsika mwakachetechete
osamwa kanthu,
Yobe atagwiritsa chitseko, akupemphera chamumtima,
ine ndikuwerenga madontho amene ndapulumutsa.

Usiku tinagona pamzere pa boma,
malole, maminibasi, anyamata a njinga zamoto
akukankha ndi mapazi pang'onopang'ono.
Kutacha tinapeza mtengo wasintha.
Ndalama yomweyo, kamtengo kanyowa pang'ono.
Ndinakayang'ana kawiri, ngati kalakwa ndi iko.

Ndinene zoona, poti ndayamba.
Kamodzi kokha.
Tamanda atatentha thupi, maso atatembenuka,
Esinati atandiimbira akulira,
ndinayamwa paipi kuseri kwa chigayo cha a Mdyetseni.
Malita asanu. Anandipatsa ya mankhwala ndi ya njinga.
Dizilo anandiwawa m'kamwa sabata yathunthu.
Kope la a Kathumba silinaone kanthu,
tsikulo masamu awo anagwirizana bwinobwino.
Amandikayikira masiku amene sindinabe.
Kamtengo kokha kanatuluka kouma pamene panayenera kunyowa,
ndipo sikananene kwa munthu.

Tamanda ali sitandade 3 tsopano.
Amati malaya anga amanunkha ntchito.

Tatsitsa mabelo dzuwa litapendeka.
Alimi akudikira mitengo ya fodya wawo,
a Kathumba akudikira alimi,
wa pampu akudikira a Kathumba,
ine ndaviikanso: theka la mzera.
Lifika pa boma limenelo, mphepo ikakhala kumbuyo.

Tsiku limene adzandiuze kuti siya makiyi patebulo
sindidzapempha zambiri.
Jekete langa, sipanala yanga ya 17,
ndi kamtengoka kuseri kwa mpando.
Kamwa dizilo wochuluka kuposa amene ndinaba,
kada bii, chiswe chimakalambalala.
Esinati akadzasowa choyatsira mbaula m'dzinja,
kadzagwira moto ndi machesi amodzi.