Otsika pa Kachiwondo

Kondakitala amenya denga la minibasi ndi chikhatho,
"Otsika pa Kachiwondo!"
ndipo ine ndidzuka ndi chidebe cha kachewere
ngati aitana ine.
Mwanayu sadziwa kuti akufuula dzina la munthu.
Kwa iye ndi mtengo wa bulugama, fumbi,
ndi amayi asanu othamangira mawindo.

Kuno msewu wa tala ndiwo malire.
Ukayetsemula ku Ntcheu, malovu agwa ku Angonia.
Nyumba yathu inali tsidya lino, madimba tsidya ilo,
ndipo bambo ankati dzina lawo lili ndi miyendo isanu ndi umodzi:
Faniwelo, Jeremasi, Sinoya.
Ine sankandiwerenga.
Mwana wamkazi, ankatero, ndi mbewu yofesera m'munda wa eni.

Iwonso dzinalo analitola lili lokhalokha.
Mkulu wawo anakwera lole ya asilikali pa boma
kupita ku Bama, dziko lomwe agogo sanathe kulitchula,
kunabwera bulangete, kalata ya chizungu,
ndi kachitsulo kolendewera pa nsalu.
Ana analibe.

Nkhondo ya tsidya ilo sinali yathu.
Koma njala sidziwa mbendera, kabichi amafuna kuthirira.
Faniwelo anam'peza pa chitsime m'mamawa,
nam'senzetsa thumba la ufa wolanda.
Wina akuti anamuona ku Domwe, mapazi atatupa,
wina akuti ayi, uja anali wamfupi.
Tinaika nthochi m'bokosi.

Jeremasi ankabwera ndi ngolo.
Ng'ombe ya kumanzere ndiyo inaponda.
Phokoso lake tinalimva tikuphika tiyi wa makasitomala,
makapu anagundana okha pa shelefu.

Sinoya, wa folomu thuu, ndevu zisanamere,
anangoti ndikayang'ane ng'ombe yotsalayo.
Nsapato zake za kusukulu ndinazisunga zaka khumi ndi ziwiri
mpaka chiswe chinandithandiza kuiwala.

Bambo sanalire pagulu, Mngoni salira.
Anagula penti yofiira kwa Mmwenye ku Lizulu,
nalemba pa khoma la tiyirumu, zilembo zotalika ngati mwana:
KACHIWONDO NDI ANA.
Chaka chilichonse mvula ikatha ankabwerezanso,
dzanja likunjenjemera,
mpaka N womalizayo anayamba kuoneka ngati mpando wothyoka.

Khomalo linagwa chaka cha madzi ambiri.
Njerwa zake anamangira khola la nkhumba.

Tsiku lojambulitsa ziphaso, mtsikana wa pa kompyuta
anafunsa osandiyang'ana: "Dzina la bambo?"
Ndinatchula.
"Koma ndinu okwatiwa, mayi? La amuna anu."
Ndinatchulanso lomwe lija, pang'onopang'ono,
mzere wonse kumbuyo kwanga ukudandaula dzuwa.
Analemba. Anasiya W,
koma ndinapita nacho chomwecho.

Ana anga anayi ndi a Mlongoti,
dzina lonenepa, lodzaza mabenchi atatu ku tchalitchi.
Mdzukulu atabadwa ndinapempha ngati wopempha mchere:
mum'patseko la kwathu, ngakhale pakati.
Apongozi anaseka bwinobwino,
ati dzina lomwe linadyedwa kanayi
salipachika m'khosi mwa khanda.
Sindinawayankhe. Mwina akunena zoona.

Kumanda kwathu mitanda yolembedwa dzinali ilipo isanu,
pansi pa umodzi pali nthochi,
pansi pa wina palibe kanthu.
Wachisanu ndi chimodzi ndauza kale mmisiri,
ndalipira theka,
ndamulembera pa pepala kuti W asamuiwale.

Pakadali pano lili m'kamwa mwa anyamata a minibasi,
lotafunidwa pamodzi ndi chingamu,
kasanu, kakhumi, dzuwa lisanafike pamutu.
Dzulo mlendo wa jekete anafunsa pa windo,
"Kachiwondo ameneyu anali ndani?"
Ndinatsegula pakamwa.
Dalaivala anali ataponda kale mafuta,
ndipo ndinatsala ndi chenji chake m'manja.