Loweruka pa Mtsinje wa Trent

Sikisi koloko, Nottingham akadali m'bulangete,
ife tili kale pamadzi,
amayi makumi awiri pamsana pa chinjoka,
mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi wa basi.

Ine ndaima kumchira, chiwongolero m'manja.
Mawu anandisasa kale Lachitatu.

Harjit, usatsogole mnzako,
madziwa sakuthawa.
Gwenda wachokera ku naiti,
wasambitsa nkhalamba zisanu ndi ziwiri,
koma taonani nkhafi yake,
ikulowa ngati mpeni m'papaya.
Ndaziona, ng'omayo si ya maliro ayi,
imenye!

Chaka chatha a ku Liverpool anatisiya ndi theka la sekondi.
Theka.
Ndinalisunga m'thumba la jekete pamodzi ndi makiyi,
limandibaya ndikati ndikhale pansi.

Sindikufuna ngwazi makumi awiri.
Ndikufuna msana umodzi,
nkhafi zonse zilume mtsinje kamodzi.

Tadutsa kunsi kwa mlatho.
Mwadzidzidzi bwato lapepuka,
likudziyendera lokha,
palibe wotsokomola.

Ndasuzumira wotchi.
Mtima wadumpha, koma sindiwauza.
Akamva adzayamba kuseka,
ndipo mvula ikubwera.

Tembenukani, atsikana.
Tibwerezenso.