Dothi Likafunsidwa Mumdima

Botolo la nambala 14 ndinalidzaza ndekha
kunsi kwa mlatho, pamene mtsinje wa Mailuu-Suu umakhota
n'kulavula matope a mtundu wa chiwindi.
Zala zinachita dzanzi m'madzi otsika ku chipale.
Esenkul, woweta nkhosa, anaima pagombe
nandifunsa ngati ndikusaka golide.
Ndinati ayi.
Iye anati, "Basi ukusaka chimene chinadya mapapo a agogo ako."

Lero ndili ku Dresden, m'chipinda chapansi chopanda zenera.
Matope aja ndawaumitsa, ndawasefa,
kwatsala kafumbi kosadzaza ndi chikhadabo chomwe.
Pamaso ndi dothi chabe.
Munthu akhoza kudzalamo anyezi.

Wiebke, amene amandiphunzitsa, amati
usafunse mwala ukadali wofunda,
umayankha zonse pakamodzi ngati msika.
Choncho timauziziritsa
kupitirira pamene mpweya umasanduka madzi,
mpaka zonse za m'kati mwake zitaleka kunjenjemera.
Kenako timathimitsa magetsi.

Leza imamenya kamodzi.
Kuwala kwake diso silikuona.
Timadikira kanthawi kochepa, koti kuphethira n'kuchedwa,
ndipo fumbi limayamba kubweza ngongole:
kuwala kobiriwira, kopendekera ku chikasu,
kofooka ngati chiphaniphani chodwala.

Makina amakutambasula.
Pa kompyuta pamamera nsonga, zisanu, mwina zisanu ndi imodzi,
zotalikirana mofanana ngati mano a chipeso.
Chipesocho ndi cha yureniyamu, sabwereketsa.
Koma pamene dzino loyamba laima,
ndi nthawi imene kuwalako kumatenga kuti kufe,
n'zimene zimaulula amene wagwirana naye pansipo.

Akagwirana ndi fosifeti timamutcha otunaiti,
mlesi, wokhala pansi,
madzi amamupitirira osamudzutsa msanga.
Akagwirana ndi kaboneti ndiye wapaulendo,
katundu ali m'manja kale.
Chipale chikasungunuka amanyamuka,
kutsetsereka kumka ku chigwa cha Fergana
kumene anthu amathirira thonje ndi mavwende.

Botolo la nambala 14 layankha ndi mawu awiri.
Kuwala kwina kwazima msanga.
Kwina kwatsalira, kukakamira,
ngati mlendo amene watsazika kale koma akadali pakhomo.
Ndabwereza kanayi. Wiebke wapukuta magalasi ake, wayang'ananso.
Mayina awiri m'kafumbi kamodzi.

Agogo sanaone kuwala kumeneku.
Iwo ankaona ufa wachikasu m'mphuno, m'makutu,
m'mpango wa agogo aakazi pochapa.
Ankalandira soseji ndi nsapato zabwino zochokera ku Moscow
ndipo tauni yathu sinali pa mapu.
Zotsalira anazikwirira m'mbali mwa phiri
limene limagumuka mvula ikachuluka.
Ine ndabwera kutali chonchi
kudzafunsa dothi la kwathu dzina lake
m'chilankhulo cha manambala.

Usiku foni yalira.
"Burul, wapeza chiyani? Madziwa tizimwa?"
Pamaso panga pali mizere, zipeso ziwiri zolowana mano.
Ndati, "Amayi, wina wagona, wina ali maso."
"Wamasoyo ndi wochuluka bwanji?"
"Sindinamalize kuwerenga. Mabotolo atsala makumi awiri ndi asanu ndi limodzi."
Akhala chete.
Kumbuyo kwawo ndikumva ketulo ikuyamba kuimba mluzu,
ndipo ndikudziwa kumene anatunga,
ndikudziwanso kuti kuwiritsa kumapha tizilombo tokha.
Ichi chilibe moyo woti n'kuphedwa.

"Wadya?" andifunsa.
Ndanama kuti inde.

M'mawa ndavala magolovesi awiriawiri,
ndalemba tsiku pa kapepala,
ndatsegula botolo la nambala 15,
lija ndinatunga kuseri kwa sukulu,
pamene ana amatsuka mapazi akamachokera ku mpira.
Wiebke wagwira switchi.
"Wakonzeka?"
Ndati thimitsani.