Nkhuni Zinali Zanga

Nkhuni zinali zanga.
Ndiyambire pamenepo, poti asipayi nawonso anayambira pomwepo.
Tsanya wouma, wodula muyezo wa mkono,
milu isanu ndi umodzi pagombe, kumunsi kwa Benga,
ine ndi nkhwangwa yobwereka, mwezi wachinayi wa chibalo.

Nkhondo ya azungu sitinaione ndi maso.
Tinkangomva kuti ili kumpoto
ndipo imadya nkhuni.

Sitima inkafika Lachiwiri, pena Lachinayi, pena osafika,
mzinga wake utaloza kutsidya ngati mphuno ya galu wosaka.
Woyamba kutsika ankakhala Kaitano,
mlamu wanga, wosonkhezera moto m'mimba mwa chombocho,
munthu amene nsidze zinapserera kalekale.
Ankandipatsa mchere m'kansanza, ine masawu m'chipewa.
Tsiku limenelo masawu sanadye.
Anati, "Alamu, boyila uja akukha misozi pamsoko.
Kabowo kopumira nthunzi akamanga ndi waya,
mkulu wa sitima akufuna akagone ku Tete."
Anaseka, nasenza chikuni, nakwera.

Anali atangokhota pachisumbu cha mchenga.
Musanene kuti bingu. Bingu limayamba ladziwitsa mitambo.
Ichi chinangong'amba masana pakati,
akakowa onse balala,
chumuni m'mwamba, chikutembenuka ngati ndodo yoponyera mango,
kenaka utsi woyera, woyera zedi, wopanda mlandu pankhope.
Zambezi anakhala chete kanthawi kokwanira kumeza malovu.
Pamenepo ndiye tinamva anthu.

Tinapalasa mabwato atatu.
Nkhuni zanga zinatichingamira panjira,
zikuyandama kubwerera kwa mwini wake, zina zikufukabe.

Jemuse, mnyamata woyeza madzi ndi nsungwi,
ndinamugwira padzanja, khungu linatsalira m'manja mwanga
ngati la mbatata yophika.
Kamzungu kena, kopanda ndi ndevu zomwe,
kanagwira chala changa chachikulu nkumaitana mayi ake m'chinenero chakwawo.
Sikanafike pagombe.
Kaitano sitinamupeze.
Tinapeza chitsulo chake chotokosera moto, chitapindika ngati mbedza.

M'mawa mwake anabwera ndi funso limodzi:
ndani anabisa onga m'nkhuni?
Ndinanena za waya. Ndinanena za msoko wokha misozi.
Womasulira anandiyang'ana, nayang'ana mzungu,
nanena mawu awiri okha.
Mbalamatodya makumi atatu dzanja ili, makumi atatu linali.
Onga sanaupeze. Nkhuni zotsala anatenga,
sitima ina inali kudikira.

Ndinamva kuti m'buku lawo muli maina atatu,
ndipo pansi pake, mzere umodzi: amalinyero akuda asanu ndi awiri.
Ndiye imvani, inu odziwa kulemba.
Kaitano wa ku Furankungo.
Jemuse.
Binzi wophika, amene ankaba shuga nkumagawira ana padoko.
Sinoya ndi mng'ono wake Thawani, analembedwa ntchito tsiku limodzi.
Alufandika wachibwibwi.
Wachisanu ndi chiwiri dzina sindikulidziwa,
anakwera ku Sena, anali ndi mpata kumano,
anandipempha moto wa fodya kamodzi.
Musiyireni malo pamzerepo.

Mlongo wanga Nasitaziya anaika thunthu la nthochi m'manda,
atalikulunga m'malaya a tchalitchi a mwamuna wake.
Chitsulo chija anakana kuika.
Amaphulira nacho mbatata mpaka lero.

Mwezi wa Okutobala, madzi akaphwa,
msana wa boyila umatuluka pamchenga, wofiira ngati mvuu yakufa.
Ana amadumphirapo, ndipo ndimawasiya.
Zala zanga sizipindikanso pampini wa nkhwangwa,
tsanya ndimangomudutsa.
Koma ketulo ikayamba kunjenjemera pamoto,
kaya ndi kwathu, kaya ndi kwa eni,
ndimadzuka osapempha,
nkuichotsa chivundikiro
kuti ipume.