Makope a Pansi pa Kauntala

Mbiri ya dziko ena amaiwerenga m'mabuku a chikuto cholimba.
Yanga ili pansi pa kauntala,
m'makope asanu ndi awiri omangidwa ndi mphira wa chubu,
pa okala yanga ino ku Nkolokosa.

Kope loyamba mphemvu zinadya m'mphepete.
Ndi la chaka chomwe mawu oti kashi bajeti anafika m'tauni
ngati mlendo wobwera chimanjamanja.
A Makwinja, kalaliki wa ku Boma, tayi ili pakhosi:
shuga paketi imodzi, parafini theka la botolo.
"Ndibweza pa twente-seveni, mayi."
Twente-seveni inabwera,
inadutsa osapereka moni.

Lachitatu ndi la nthawi yomwe otithandiza akunja anatseka mpopi.
Wailesi inkati akuluakulu akukambirana.
Ine ndinkangolemba.
A sisitala Namalomba a ku Gulupu: sopo, machesi, kandulo ziwiri.
Kandulozo sizinali zakunyumba, ndinamva pambuyo pake.
Ankati ambulansi yaima kuseri kwa wodi
mpaka udzu wamera kuzungulira matayala,
dalaivala amabwerabe m'mawa uliwonse kudzaipukuta.

Pakati pa lachinayi pali tsamba lothimbirira mafuta ophikira.
Aphungu ku Lilongwe anali atakana kuikhudza bajeti,
akukanganirana mipando.
Amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu,
koma udzu sukongola mchere.
Amene ankakongola ndi a Thipa, aphunzitsi a Sitandade 6,
zala zili mbuu ndi chinangwa chouma,
poti choko chinatha mu Julaye.
Anawerengera okha ngongole yawo, nandikonza pomwe ndinalakwitsa,
ngakhale kulakwitsako kunali kowakomera.

Za makhoti sindikanafuna kunena.
Zitseko zinatsekedwa, ogwira ntchito ali panja pamthunzi,
ndipo sindiwada, atatu mwa iwo ali m'kope lachisanu.
Koma Elufala, mwana wa mchemwali wanga,
anali ku Chichiri pa mlandu wa foni yomwe sanabe.
Masabata khumi ndi limodzi kudikira woweruza.
Buledi amene ndinkamupititsira Loweruka
sindinamulembe paliponse.

Chaka chilichonse nduna imanyamula kachikwama, ojambula akuthamangira.
Mabiliyoni amatuluka m'wailesi ngati ngumbi za mvula yoyamba,
pofika kuno mapiko athothoka.
Wina anandiuza kuti kusiyana kwa zolonjeza ndi zobwera
kuli ndi dzina lake lachizungu.
Ine ndimakudziwa ndi maso:
bambo wamkulu kuima patali,
kudikira kaye makasitomala ena achoke.

A Makwinja anapita akutsatira penshoni,
fayilo yawo akuti inali pa tebulo la munthu amene anapita ku semina.
Tsamba lawo lidakalipo.
Sindinalidule mzere.
Kudula mzere ndi kunena kuti wina analipira.

Amuna anga, asanamwalire, ankandiseka:
"Iwe Nasimango, ndiwe nthambi ya Tirezhale yopanda chidindo."
Ndinkaseka nawo.
Holoselo ya ku Limbe siseka, imafuna kashi pamanja.

Dzulo kunabwera mnyamata wa khonsolo,
malisiti m'manja, kudzatolera ya chiphaso.
Ndinawerenga ndalama, anang'amba lisiti, anathokoza.
Anafika pa ngalande paja, anaima,
anabwerera akuyang'ana nsapato zake.
"Mayi, kwathu sizinatulukebe.
Mungandilembeko buledi ndi timazira tiwiri?"

Lachisanu ndi chiwiri linadzaza sabata yatha.
Ndinatenga latsopano pa shelefu, la masamba makumi anayi,
ndinalichotsera mtengo m'thumba langa,
ndinanyambita nsonga ya pensulo.

"Dzina?"