Kwa Mlembi wa Buku la Mbewu, Kuchokera pa Geti

Buku lanu ndinaligula pansi, ku Limbe,
pakati pa nsapato za kaunjika ndi machaja a foni,
chikuto chitanyowapo kale ndi mvula ya wina.
Ndaliwerenga masabata awiri, usiku wokhawokha,
pa geti la fakitale ku Makata,
tochi m'kamwa, chibonga pamwendo.

Ndiyambe n'kuyamika.
Paja mukuti njere ndi kamwana kogona
konyamula kamba wakewake,
ndinawerengapo kawiri, mpaka ndinadzutsa mnzanga Chikaonda
kuti amve. Anatukwana, n'kugonanso.
Koma mwanena zoona: ndinaswa nyemba ndi chikhadabo
ndipo ndinakaona, katapinda miyendo, kali phee.

Pa mutu wachisanu tasiyana njira, bwana.
Mukuti mlimi asankhe malo a dothi lakuya, osatsetsereka.
Asankhe?
Munda wanga uli m'chiuno mwa phiri la Ndirande,
mizere khumi ndi itatu
pakati pa thanthwe ndi chimbudzi cha eni.
Mvula ikagwa usiku, m'mawa dothi langa ndimakalipeza
kumunsi, mu Nasolo, likusambira ndi majumbo.

Mukuti chaka chilichonse tizigula mbewu yatsopano,
ija yopakidwa utoto ngati milomo ya mkwatibwi.
Ndinagula. Inabereka, ndisaname,
ziwiriziwiri paphesi ngati mapasa.
Koma ana ake nditawabzala chaka chinacho
anatuluka onyentchera, osadziwa bambo wawo,
ndipo anankafumbwe anachita ukwati m'thumba.

Nanga bwanji simunawatchule a Nasibeko a ku Bangwe,
amene amasunga nseula m'botolo la mafuta ophikira,
phulusa pamwamba, chiguduli kukamwa?
Masamba mazana awiri,
zithunzi za mathirakitala onyezimira,
koma mphonda mulibe, kalongonda mulibe,
chitowe mwachipatsa mzere umodzi
ngati mlendo wobwera mbale zitatsukidwa.

Komabe sindikugulitsani.
Tsamba la manyowa ndalipinda pakona,
ndipo Loweruka ndakumba dzenje monga mwanenera:
makoko a nthochi, madeya owola,
zitosi za nkhuku za alandilodi, zopempha.
Tiona.

Chapakati, pomwe mukukamba za misika ya kunja kwa nyanja,
ndagonekapo njere zisanu ndi ziwiri
za dzungu la kwathu ku Chiradzulu
kuti ziume bwino.
Zasiya timadontho tamafuta pa mawu anu;
mundikhululukire, penapo pakuwerengekabe.

Mukafuna kulembanso, mudzabwere mu Okutobala,
dzuwa likuswa mtengo.
Mudzakwere minibasi ya ku Ndirande, mudzatsike pa Chinseu,
mudzafunse mlonda wolima pamwala.
Nsapato zikhale zolimba.
Khasu ndidzakubwerekani.