Ngongole ya Utsi

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinali woyatsa moto
pa esiteti ya a Chimphepo, kuseri kwa Santhe.
Mabalani asanu ndi limodzi, kukamwa kuli yasa,
ine ndikuwadyetsa usiku wonse ngati ana a mbalame.
Muwanga unkalowa ndi fungo lake,
mombo unkalira thovu kunsonga kwa chikuni,
msuku tinkaugwetsa zipatso zili pomwepo.
Tsamba la fodya likachita chikasu
kapitawo ankandigwira paphewa:
Zakeyu, iwe uli ndi dzanja.

Dzanja ndinali nalodi.
Kafunseni kaphiri kaja kali ndi dazi lero.

Thirakitala inkatola nkhuni poti ukakuwa akumva,
kenako inayamba kuwoloka Bua,
kenako inkanyamuka tambala woyamba
n'kubwera nyali zitayaka.
Palibe anafunsa chifukwa.
Mabelo ankapita ku Chinkhoma,
ife n'kulandira zotsala
atachotsa za ufa, za mchere, za mapiritsi a mwana.
Ngongole imene ndinkaidziwa inali yomweyo.

Esinta, mwana wa mlongo wanga,
uja amakwera pamadenga a anthu kumanga masola,
anandiuza tikuswa mtedza pakhonde:
Malume, utsi suthera pomwe athera maso.
Umakayalana kumwamba
ngati bulangete pa munthu wa malungo,
dziko n'kumatuluka thukuta.
Aliyense amasiya mapazi ake mumlengalenga.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Mapazi kumwamba? Ndine mfiti ine?

Koma usiku umenewo tulo sitinabwere.
Ndinayamba kuwerenga ngolo za nkhuni,
ndinasokonezeka pa chaka chachinayi.

Mvula yodzalira inabwera pa Khirisimasi,
mu Januwale n'kudula masabata atatu.
Chimanga chinapota masamba ngati anyezi.
Chitsime cha kudambo tinachikumbanso kawiri,
chachitatu tinapeza mwala.

Ndalama ya sola yaikulu ndilibe.
Chomwe ndili nacho ndi zitsa,
makumi anayi ndi zitatu m'munda mwangamu,
zomwe ndinkazitukwana zikakola khasu.
Chaka ndi chaka zinkaphukira,
ine ndikuthyola, ndikuunjikira mapesi, ndikuyatsa.
Zosamva ngati mbuzi ya mnansi,
mvula ikagwa zaphukiranso.

Tsopano ndimagwada pa chitsa chilichonse,
ndimasankha mphukira ziwiri zowongoka,
zinazo ndimasadza ndi chikwanje.
Tinthambi timeneto Nachisale amatiyanika kuseri kwa khola.
Mbaula yake ya dothi anayamba n'kuinyoza,
akuti mphika wopanda mafuwa ndi mwano,
lero timitengo titatu tapsetsa nyemba
ndipo maso ake asiya kufiira.

Mapesi sinditenthanso, ndimawagoneka m'mizere.
Anyamata osaka mbewa andida.
Mwana wa Matiyasi anandiyatsira moto dala mu Ogasiti,
mitengo isanu ndi iwiri inapsa makungwa.
Ndinakhala pachulu osalankhula,
ine amene ndinawotcha nkhalango yathunthu
ndikulirira timitengo tofika m'chiuno.
Isanu inaphukanso.

Ngongoleyi sindimaliza, ndikudziwa.
Muwanga sukula mothamanga,
ndipo chifuwa cha m'balani chimandidzutsa mbandakucha.
Amene ankasuta fodya uja kutsidya kwa nyanja
sindinawaonepo nkhope,
kaya iwo akubweza bwanji gawo lawo.

Esinta wandisiyira kanyali kosweka pakona,
kasitomala wina anakakana.
M'mawa ndimakayanika padenga ngati mphale,
madzulo kamandibwezera dzuwa lomwe kadya.
Ndimakanunkhiza nthawi zina, chizolowezi:
palibe parafini, palibe mwaye.

Dzulo patsinde pa mombo wa kumalire
ndapeza bowa utatu, utale weniweni,
womwe ndinaudya komaliza ndisanakwatire.
Nachisale anaugwira ngati dzira,
n'kufunsa ngati ndagula.

Mawa ndipita kuseri kwa chulu.
Ndaonako chitsa china chimene sindinachiwerenge.